Nguluwe ndi Masuku Akumwamba

Kalekale, ana inu, ndi inu akuluakulu amene mukunamizira kusinza kumbuyoko, kunali chaka china chimene mvula inachita ulesi. Udzu unapsa, madambo anauma gwa, ndipo m'thengo monse chodyedwa chinatsala pamtengo umodzi wokha wa msuku. Msukuwo unali waukulu, wokalamba, ndipo m'mphako mwake munkakhala Changa ndi ana ake awiri. Anawo anali makanda, tiubweya ndi maso basi. Kudumpha anali asanayambe.

Changa mumamudziwa inu: kathupi kokwana m'dzanja, maso ngati mbale ziwiri. Masana amagona, dzuwa likapendeka amadzuka nkukhala panthambi, maso tong'o kumwamba. Ntchito yoyang'ana kumwambayi anaiyamba ali mwana, moti thambo ankalidziwa monga mmene inu mumadziwira njira ya kuchitsime.

Pamsukupo zinthu zinkayenda mwa mtendere. Suku lakupsa limagwa lokha, ndipo wotola ankatola lomukwana. Osapsa Changa ankawavundika: kukumba kadzenje patsinde, kuyalamo masamba, kuthiramo masuku, nkukwirira kuti afewe. Gologolo ankadyapo, Fulu ankadyapo. Ngakhale Lumbe, mlamu wake wa Changa, mbalame ija ya pakamwa papakulu, ankabwera madzulo kudzawakha tizilombo totsata fungo la zipatso.

Tsiku lina balamanthu, Nguluwe uyu! Sanaodire, sanapereke moni. Anangoika chimphuno chake pansi, fwe fwe fwe, nkuyamba. Akugwa anadya, nthangala zomwe. Ovundikidwa anafukula nadya, masamba omwe. Gologolo atayandikira anamuuzira mpweya umodzi wokha, Gologolo nkukapezeka ali patchire.

Atatha apansi, Nguluwe anayamba kukumba mizu. Fuku fuku fuku! Mtengo gwede gwede gwede! Ana a Changa anayamba kulira m'mphako.

Changa anatsika mpaka nthambi ya m'munsi, nawomba m'manja mwaulemu. "Zikomo a Nguluwe, bambo wanga. Kodi mizuyo yakulakwirani chiyani?"

"Yandibisira chakudya," anayankha Nguluwe, osadzutsa mutu. "Masuku ali m'mwamba, ine kukwera sinditha. Ndiye mtengowo utsike."

"Bambo, muno muli ana. Sanayambe kudumpha. Mtengo ukagwa, agwa nawo."

"Ana ako ndi angati?"

"Awiri, bambo."

"Iwe uli ndi manja awiri. Vuto lili pati? Choka apa, iwe Namaso, usandichedwetse."

Changa anakwera kubwerera kumphako. Mantha anamugwira, mantha enieni, chifukwa msuku wina woti nkusamukirako kunalibe, ndipo pansi panali njoka ndi avumbwe. Anawerenga mizu ndi maso. Ikuluikulu inali idakalipo, koma pa makumbidwe amenewo sikanakhalitsa. Anadikira panthambi mpaka chisisira. Ndipo poyang'ana kumadzulo, kumene dzuwa linali litangolowa, anaona nyenyezi ija yaikulu yoyera mbee ili yokha, zinzake zisanatuluke. Anaiyang'ana, nayang'ana Nguluwe pansipo, naiyang'ananso. Makutu ake anaima njo.

Lumbe atafika, Changa anausa moyo mokweza, mokweza kuposa mmene mpofunikira. "Ha, alamu! Bola angomaliza timasuku tapansi tano. Akadziwa za aja akumwamba, ife tatha."

Kukumba kuja kunaleka zii.

"Ati chiyani?" anafunsa Nguluwe.

"Palibe, bambo. Timangocheza za nyengo."

"Ndamva masuku! Akumwamba kuti? Nena, ndisanakugwedeze!"

Changa anachita ngati wagwidwa pakamwa. "Kalanga ine, lilime langali! Chabwino, bambo. Tayang'anani kumwamba."

Apa mpamene panali ntchito. Inu mukudziwa khosi la Nguluwe, kuti mutu unangomatidwa pamapewa. Chibadwire anali asanaonepo thambo. Anayesa kukweza mphuno, anangoona tsinde. Anayesa kukhala tsonga, anagwa chammbali.

"Mugone chagada, bambo," anatero Changa.

Nguluwe anadzigwetsa phi, miyendo inayi m'mwamba, mimba pamtetete. Atatsegula timaso take, pakamwa panatseguka pokha. Nyenyezi zinali zitayamba kutuluka, mbwee thambo lonse.

"Mayo ine! Onsewa ndi masuku?"

"Onsewo, bambo. Mtengo wake ndi umodzi, nthambi zake zinafika uku ndi uku."

"Onse ndi anga!" anakuwa Nguluwe, dovu likutsikira m'makutu poti anali chagada.

Lumbe anapendeketsa mutu. Iye anali wa mtima wabwino koma wosadziwa kusunga mawu. "Koma alamu, zimenezo si nyenyezi kodi? Ine ndimauluka usiku uliwonse, sindinamvepo fungo la suku kumwambako."

Changa sanasinthe nkhope. Anaweramira kwa Nguluwe nanong'ona monga wouza mnzake chinsinsi. "Mwamva, bambo? Alamu angawa ali ndi mapiko. Mukuganiza kuti pakamwa ponsepo anapakuza ndi chiyani? Safuna wodya naye."

"Wakuba iwe!" Nguluwe anaponda mphepo ndi miyendo yonse. "Ukayandikiranso mtengo wanga ndikuthothola nthenga!"

Lumbe anathawira panthambi ya m'mwamba, nakhala chete kwa nthawi yoyamba m'moyo wake.

"Tsono mvetsetsani," anapitiriza Changa, "poti suku losapsa limamanga m'mimba. Ambiri mukuwaonawo ndi aawisi. Aawisi amaphethira, phethi phethi, ngati diso lolowa fumbi. Lakupsa siliphethira. Limangowala duu, lodekha. Akupsawo ndi owerengeka, sakwana ndi zala za dzanja limodzi pa usiku umodzi. Tandilozerani limodzi tione."

Nguluwe analoza ndi chiboda nyenyezi ina yowala kwambiri chakum'mawa. "Ilo! Lalikulu!"

"Taliyang'anitsitsani."

"Likuphethira," anavomera Nguluwe mokhumudwa. "Likusinthanso maonekedwe, pena loyera, pena lobiriwira."

"Laliwisi limenelo. Kuwala kokha kusakunyengeni. Yesaninso."

"Ilo, ilo! Likutsika lokha! Likubwera kwa ine!" Nguluwe anayasama kukamwa. Chinthucho chinatera pamphuno pake, chinazima, chinayakanso.

"Chimenecho ndi chiphaniphani, bambo."

Nguluwe anayetsemula etsi, chiphaniphani nkumapita. Kumwamba kuja Lumbe analuma nthambi kuti asaseke.

Koma Nguluwe pa nkhani ya chakudya sanali mbuli. Anayang'ana, anayang'ana, mpaka anapeza lina pamwamba pa mutu, lalikulu, lachikasu pang'ono, losagwedezeka. "Ilo siliphethira!"

"Mwakhoza! Limenelo limayenda usiku wonse, silifulumira. Linanso?"

"Apo pali lofiira psuu, ngati khala la moto. Nalonso lili duu."

"Mwakhozanso. Tsono onani chinthu ichi, bambo. Akupsa onse ali panthambi imodzi, ija imachokera kum'mawa kupita kumadzulo, mmene mumadutsa dzuwa ndi mwezi. Musatope ndi kuwafuna kumbali. Ndiponso aawisi amakhala ndi anzawo omwewo chaka ndi chaka. Koma lakupsa phesi lake linamasuka. Lero lili pafupi ndi awa, mwezi wa mawa mulipeza lasendera pafupi ndi ena."

"Zamveka, zamveka. Nanga lokoma kupambana onse ndi liti?"

Changa anazengereza ngati zikumupweteka kunena. Kenaka analoza kumadzulo, pamwamba pa phiri la Chisindo, pamene thambo linali lidakali lofiirira. "Ilo loyera mbee. Limayamba kuoneka ndilo, ndipo palibe lolipambana kuwala. Lapsa mpaka kulemera. Muziliyang'ana madzulo aliwonse, muona kuti likutsika. Posachedwa ligwa."

Kuyambira tsiku limenelo mizu inapuma. Masana Nguluwe ankagona kusunga mphamvu. Chisisira chikafika, phi chagada, miyendo m'mwamba, maso kumadzulo. Ndipo zoonadi, madzulo aliwonse loyera lija linkaoneka m'munsi kuposa dzulo lake.

"Latsika, Namaso! Latsikanso!"

"Ndinanena ine, bambo."

"Lero lakhudza mitengo ya paphiri!"

"Phesi latsala ngati ulusi, bambo."

Madzulo ena dzuwa linalowa, thambo linafiira, linada, loyera lija osaoneka. Nguluwe anapukusa mutu uku ndi uku. "Lili kuti? Wadya ndani? Lumbe!"

"Lagwa, bambo," anatero Changa. "Lagwera kuseri kwa Chisindo. Ndipo suku lolemera choncho likagwa limadzivundika lokha, limalowa m'dothi kuti lifewe bwino. Pakufunika wodziwa kukumba. Kaya m'thengo muno alipo?"

"Alipo? Ukufunsa kuti alipo?" Nguluwe anadzambatuka. "Aliyense wonditsatira ndimuponda!" Ndipo anauyatsa ulendo wa kumadzulo, fumbi koboo.

Ha, kunali chikondwerero pamsukupo! Fulu anatulutsa khosi, Gologolo anavina, masuku anayambanso kugwera eni ake. Onse pamodzi anakankhira dothi pamizu ija, nkupondaponda. Koma Changa yekha sanavine. Lumbe anamupeza atakhala pakhomo pa mphako, akuyang'ana ana ake amene ankayesa kudumpha kuchoka paphewa lake nkumagwera pamchira.

"Alamu, mwapambana. Nkhope yakugwa njachiyani?"

"Sindinapambane, alamu, ndangobwereka masiku. Nyenyezi ija siinapite kutali. Ikalowa kumadzulo chonchi, pakapita masiku ochepa imatulukira kum'mawa, m'bandakucha."

"Iyayi, ya m'bandakucha ija ndi Nthanda. Imeneyo ndi ina."

"Ndi yomweyo. Munaziona liti ziwirizo tsiku limodzi, ina madzulo, ina m'mawa? Ya madzulo ikakhalapo, Nthanda kulibe. Nthanda ikakhalapo, ya madzulo kulibe."

Lumbe anaganiza, pakamwa pali yasa. "Ndiye Nguluwe akaiona..."

"Ndinamuphunzitsa ndekha kuizindikira," anatero Changa. "Sangaiphonye."

Sanaiphonyedi. M'bandakucha wina, kunja kusanayere bwino, nthaka inayamba kunjenjemera, di di di. Nguluwe anatulukira ali mbuu ndi dothi, nthiti zikuwerengeka, mphuno itasupuka. Kuseri kwa Chisindo anali atakumba maenje osawerengeka, osapeza kanthu. Tsiku limenelo anagona chagada chifukwa cha kutopa, ndipo potsegula maso anaona loyera lija lili phee kum'mawa, likuwala ngati likumuseka.

"Namaso! Wabodza iwe! Tuluka!" Sanadikire yankho. Analowetsa mano ake pansi pa muzu waukulu, nakoka. Muzu tswa! Mtengo unapendekeka, masuku anagwa ngati matalala, ana anakuwa m'mphako. Mmodzi anaterereka mpaka pakhomo, Changa nkumugwira mchira ali lende.

Anamubwezera m'kati. Kenaka anatsika mpaka nthambi ya m'munsi, pafupi penipeni ndi mano aja. Sanawombe m'manja ulendo uno. Anagwira m'chiuno.

"A Nguluwe, ndifunse. Musanayambe kukumba kuja, munatseka kotulukira?"

Nguluwe anaima, muzu uli kukamwa. "Kotulukira chiyani?"

"Mayo ine, sanatseke! Alamu, mwamva? Sanatseke!" Changa anadzimenya pantchafu. "Bambo, ngakhale wokumba mbewa amadziwa kuti una uli ndi makomo awiri. Usanakhudze dothi umayamba wafuna kadzenje kothawira, nkukatseka. Inu mwangofika fuku fuku, chiphokoso chonsecho, mukulikankha ndi mphuno. Suku loterera ngati limenelo likanatani? Ladutsa pansi, latulukira khomo la kum'mawa, labwerera pamtengo!"

Muzu unagwa kuchoka kukamwa kwa Nguluwe. Mwa zonse za padziko, chinthu chimodzi chimene ankanyadira chinali kukumba. Agogo ake anali okumba, atate ake anali okumba. Ndipo lamulo la kotulukira ankalidziwa bwino lomwe. Manyazi anamugwira mpaka makutu anagwa.

"Ndinafulumira," anatero ndi mawu aang'ono.

"Munafulumira! Ine kukuuzani chinsinsi cha makolo anga, inu nkukachitaya chonchi? Fulu akamva aseka mpaka chigoba kusweka."

"Usamuuze Fulu."

Apa Lumbe, amene tsopano anali atadziwa mbali imene mphepo ikuwombera, anatsokomola. "Ine pouluka ndinaliona likutuluka, bambo. Linachita kusolola, tsupu, kuseri kwa mitengo iyo ya kum'mawa. Fungo lake, ha! Ndinachita chizungulire."

"Taonani, lidakali m'munsi," anawonjezera Changa. "Silitalikira dzuwa limenelo. Likwera pang'ono m'mawa uliwonse, kenaka lilemeranso, litsikanso, ligwera khomo lomwelo. Wanzeru akanakakhaliratu pakhomopo kulidikira. Koma inu pitirizani ndi mizu yanuyo, timasuku towawasa iti tikukwanani. Lalikulu lija mwina Njiri, msuweni wanu, akalitola. Ndamva kuti iye amatseka kaye asanakumbe."

"Njiri? Njiri wa njerewere kumaso uja? Adye suku langa?"

Nguluwe anayang'ana masuku ali mbwee pamapazi ake, akupsa, onunkhira, ongofuna kuwerama. Anawadumpha. Anauyatsa wa kum'mawa, di di di, mpaka phokoso linazilala.

Changa anakwera pang'onopang'ono kubwerera kumphako. Atafika anakumbatira ana ake onse awiri, ndipo mpamene analira. Kulira kwake mumakudziwa, kuja kumamveka ngati khanda kuthengo.

Msuku unakhala chipendekere, koma sunagwe. Mvula inabwera, mizu inagwiranso, ana anakula nkuyamba kudumpha nthambi ndi nthambi ngati anabadwa ndi mapiko. Nanga Nguluwe? Kum'mawa anayenda, anayenda, khomo lija likungosendera kutsogolo. Loyera lija linakwera, linatsika, linasowa. Iye anakumba, ulendo uno mwakachetechete, atatseka dzenje lililonse limene anaona, la nyerere lomwe. Patapita miyezi, madzulo ena atagona chagada, analiona lili mbee kumadzulo.

Anadutsa pamsukupo ali wefuwefu.

"Moni a Nguluwe! Tapumulani, mudyeko kanthu!" anafuula Changa.

"Ndilibe nthawi! Lathawiranso uko!"

"Pepani bambo! Khomo lake ndi lina, munatseka lolakwika!"

"Ndadziwa, ndadziwa!" Fumbi koboo.

Ndipo zinakhala choncho: kumadzulo, kum'mawa, kumadzulo, kum'mawa. M'maenje amene ankakumba m'njira monsemo ankasiyamo zimene mimba imasiya, pamodzi ndi nthangala za masuku aja anameza osatafuna. Mvula itagwa munamera misuku, mzere wautali kuchokera ku Chisindo mpaka kotulukira dzuwa. Munthu wofuna kudya yekha uja anadzalira thengo lonse, osadziwa.

Madzulo ena Changa ndi Lumbe anakhala panthambi, ana akusewera m'mwamba. Lofiira linali litasendera kwina, lachikasu linali likukwera, loyera lili pamalo pake kumadzulo. Kutali kunkamveka fuku fuku fuku.

"Alamu," anatero Lumbe, "simumumvera chisoni? Bodza lonse lija?"

"Bodza liti?" anafunsa Changa. "Ndinati zina zimaphethira, zina siziphethira. Nzoona. Ndinati zosaphethira zimayenda njira ya dzuwa ndi mwezi, zimasintha malo. Nzoona. Ndinati yoyera imalowa kumadzulo nkutulukira kum'mawa. Nzoonanso. M'thengo muno lero palibe wodziwa thambo kuposa Nguluwe. Mukamudzutsa kutulo akulozerani zonse osalakwitsa."

"Koma sizidyedwa, alamu."

"Eya, chokhacho. Ndipo inu munamuuza tsiku loyamba lomwe, pamaso panga. Anakutchani wakuba."

Ndiye ana inu, mukatuluka panja muyang'ane kumwamba. Zophethira ndi nyenyezi wamba. Zodekha zija, zimene a kusukulu amati mapulaneti, muzifune m'njira ya mwezi: yoyera mbee pafupi ndi kolowera kapena kotulukira dzuwa, yofiira ngati khala, ndi yaikulu yachikasu. Koma muziyang'ane mutaimirira, ndipo mutadya kale. Mukapeza munda wa chinangwa wafukulidwa m'mawa, musadabwe, ndi Nguluwe akufunabe suku lake. Ndipo inu akuluakulu amene mumasiya mbale yanu nkumasuzumira ya mnzanu, sindinatchule dzina la munthu ine.

Nthano yanga yapsa, yagwa yokha. Wotola atole lomukwana.